Mafuta akatuluka pansi, amalemera ndani? Yankho kwa mphunzitsi wa ku Limbuli

Funso: Ndine mphunzitsi pa sekondale ina kufupi ndi Limbuli. Masiku a msika ndimawolokera ku Milange, ndipo anzathu a kumeneko akhala akunena kwa zaka zambiri kuti dziko lawo linapeza gasi wochuluka. Koma ndikawayang'ana akupalasabe njinga yomwe ija, matumba a nandolo pakaliyala, ngati ife tomwe. Kuno nako timamva za mafuta a m'nyanja ya Malawi ndi miyala ya paphiri lathuli. Ana a fomu 4 anandifunsa kuti dera likapezeka ndi mafuta kapena gasi, olemera ndi osauka amayandikana kapena amatalikirana? Ndinasowa chowayankha.

Yankho: Aphunzitsi, musadzione ngati munagwa nalo funsoli, akatswiri a zachuma eniake amakangana nalo mpaka lero. Ine mbali yanga ndi iyi: nthawi zambiri amatalikirana, makamaka m'dera lenilenilo mmene mafuta akutuluka. Chimene chimawatalikitsa ndi njira imene ndalama ya mafuta imayenda. Siidutsa m'manja mwa anthu ogwira ntchito ngati ya tiyi, imalowera ku likulu.

Ndiyambe ndi tiyi poti ndi amene tonse tikumudziwa. Ine ndinakulira ku Thyolo, m'mudzi wochita malire ndi esiteti ina, ndipo mayi anga ankathyola tiyi. Ndimakumbukira mzere wa madengu pasikelo dzuwa lili paliwombo, kalaliki akuitana manambala, kapitawo akupisa dzanja m'dengu kuona ngati munthu wasakaniza masamba okhwima. Malipiro anali ochepa ndipo mpaka pano ndi ochepa, sindikuikira kumbuyo aliyense. Koma tsiku la malipiro likafika pageti pankachita kusowa popondera. Wa kaunjika ali pomwepo, wa matemba a ku Chilwa, wa zitumbuwa, telala ndi makina ake, ndi wa katapila atakhala phee pansi pa mtengo kudikira anthu ake. Ndalama ija, kuchepa konse kuja, inkagwira manja a anthu masauzande isanatuluke m'boma la Thyolo, chifukwa tiyi sangachoke m'munda popanda zala za munthu.

Tsopano taonani gasi wa anzathuwo. Anapezeka mu 2010 pansi pa nyanja ya mchere, kufupi ndi pamene mtsinje wa Rovuma umathera, m'chigawo cha Cabo Delgado. Woyamba kugulitsidwa kunja ananyamuka mu Novembala 2022 kuchokera pa Coral Sul. Coral Sul ndi fakitale yoyandama panyanja, yotalika mamita 432, ndiye kuti mabwalo a mpira 4 kuwalumikiza. Inamangidwa ku South Korea n'kukokedwa pamadzi mpaka ku Mozambique. Imapopa gasi pansi pa nyanja, kumuziziritsa mpaka asanduke madzi, n'kumuthira m'zombo zina zopita naye ku Ulaya ndi kwina. Gasiyo sapondako n'komwe pa nthaka ya Mozambique. Ogwira ntchito pamenepo ndi mazana chabe, ambiri a iwo mainjiniya ndi amisiri ophunzira kwambiri, ndipo amapita ndi helikoputa. Wa zitumbuwa akaima pageti liti? Wa njinga wa ku Milange uja ali makilomita mazanamazana kuchokera kumeneko, ndipo palibe chingwe chomulumikiza ku chumacho kupatula chimodzi: bajeti ya boma la ku Maputo.

Ntchito zimakhalako ndithu pa nthawi yomanga, yokumba maenje a mapaipi ndi kulambula misewu. Zimenezo ndi za zaka zochepa. Zikatha, kapitawo amauza anthu kuti zikomo, ndipo otsala ndi alonda, madalaivala, ophika ndi akatswiri ochepa amene malipiro awo a mwezi umodzi mwina msodzi sangawapeze pa chaka. M'tauni imodzi mumakhala magulu awiri a anthu ogula pamsika umodzi. Apa mpamene wosauka amapsa ngakhale sanataye kanthu. Ku Ghana mafuta a Jubilee atapezeka mu 2007 n'kuyamba kupopedwa mu Disembala 2010, m'tauni ya Takoradi lendi inakwera, eni nyumba n'kumatulutsa anthu akale kuti alowetse a makampani. Luanda, likulu la Angola, inakhala ikutchulidwa zaka zingapo kuti ndi mzinda wodula kwambiri padziko lonse kwa alendo odzagwira ntchito, pamene anthu ambiri a mumzindamo akukhala m'makomboni mogula madzi a m'zigubu. Amene ali ndi nyumba, malo kapena galimoto yobwereketsa amakwera ndi mafunde amenewa. Inu aphunzitsi, amene malipiro anu amachokera ku boma ndipo sasintha chifukwa choti tauni yadula, mumatsika. Kugona pakati n'kuyambirira, ndipo oyambirira amakhala amene anamva msanga kumene msewu udzadutse, n'kukagula malo kwa mfumu pamtengo wa mbuzi.

Nkhani ya malo ndiyo imandiwawa kwambiri, mwina poti ife a kuno tinabadwira m'mipata yotsala pakati pa maesiteti. Kuti amange fakitale ya gasi ya pamtunda ku Afungi, kufupi ndi tauni ya Palma ku Cabo Delgado komweko, mabanja oposa 500 anasamutsidwa kupita kumudzi watsopano wa Quitunda. Nyumba zake ndi za malata ndi simenti, zooneka bwino pachithunzi. Koma ambiri mwa anthuwo anali asodzi, ndipo anapezeka ali kutali ndi gombe, ena akudikirabe minda yolowa m'malo mwa imene anasiya. Chipukuta misozi chimabwera kamodzi, pamene munda umabereka chaka ndi chaka.

Ku Nigeria zinafika poipa kuposa apo. Mafuta anapezeka ku Oloibiri mu 1956, n'kuyamba kutumizidwa kunja mu 1958. Dera lonse la Niger Delta ndi la mitsinje ndi madambo, anthu ake asodzi ndi alimi. Mapaipi akhala akudontha kwa zaka zambiri, ena chifukwa cha kutha, ena obooledwa ndi akuba, ndipo gasi wotsalira amangomuyatsa moto usana ndi usiku pafupi ndi midzi. Mu 2011 nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe inatulutsa lipoti la dera la Ogoni. Inapeza kuti pamudzi wa Nisisioken Ogale anthu ankamwa madzi a pachitsime okhala ndi benzene, mankhwala oyambitsa khansa, wochuluka maulendo 900 kuposa mlingo wovomerezeka, ndipo inati kuyeretsa deralo kungatenge zaka 25 mpaka 30. Ken Saro-Wiwa, amene ankatsogolera anthu a Ogoni podandaula za zimenezi, anali atanyongedwa kale ndi boma la asilikali la Sani Abacha pa 10 Novembala 1995 pamodzi ndi anzake 8. Wolemera wa mumzinda wa Port Harcourt m'dera lomwelo amagula madzi a m'botolo ndi nsomba zochokera kwina. Msodzi alibe kothawira. Walira mvula walira matope, inde, koma pa mafuta mvula imagwera kwina, matope kwina.

Nanga ndalama yaikuluyo imapita kuti? Imalowa ku thumba la boma, kudzera mu msonkho, gawo la boma pa zokumbidwazo ndi phindu la kampani ya boma. Ndipo imachedwa. M'mapangano ambiri kampani imaloledwa kuyamba yabweza ndalama zimene inalowetsa, choncho zaka zoyambirira boma limangolandira nyenyeswa. Ntchito ya kampani ya ku France ya TotalEnergies ku Afungi yokha ndi ya madola pafupifupi 20 biliyoni, ndiye ganizani kuti kubweza kwake n'kwa zaka zingati. Munthu wa ku Palma anataya gombe lake lero, pamene ndalama yoti imupindulire idzafika ana ake atakula, ndipo idzafikira ku Maputo.

Andale ndiye sadikira. Mu 2013 ndi 2014 makampani 3 ogwirizana ndi boma la Mozambique, Ematum, ProIndicus ndi MAM, anatenga ngongole za madola pafupifupi 2 biliyoni, boma n'kuikapo chikole popanda chilolezo cha nyumba ya malamulo. Obwereketsawo ankadziwa kuti gasi akubwera. Zitaululika mu 2016, IMF ndi mayiko othandiza anaimitsa thandizo, ndipo metical, ndalama ya ku Mozambique, inagwa: dola imodzi inachoka pa ma metical osakwana 40 kumayambiriro kwa 2015 kufika poposa 70 kumapeto kwa 2016. Inu mukudziwa mmene zimakhalira, tinaziona kuno kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anali ndi madola anagona tulo tabwino, wogula sopo ndi mchere ndi amene analipira. Anthu a ku Milange analipirira gasi zaka 6 asanagulitsidwe n'komwe.

Mu Okotobala 2017 zigawenga zinayamba kuukira ku Mocímboa da Praia, m'chigawo cha Cabo Delgado, ndipo mu Malichi 2021 zinalowa m'tauni ya Palma, TotalEnergies n'kuimitsa ntchito mwezi wotsatira. Sindinganene kuti gasi yekha ndi amene anayambitsa nkhondoyo. Muli nkhani za chipembedzo, za miyala ya rubi ya ku Montepuez, ndi kunyalanyazidwa kwa chigawocho kuyambira kalekale. Koma mnyamata wopanda ntchito amene akuona magalimoto oyera akudutsa tsiku ndi tsiku kulowa kumpanda kumene iye saloledwa, savuta kumukopa.

Mwina mukuti mankhwala ake n'kugawira deralo gawo lake. Ayesapo. Malamulo a Nigeria a 1999 amati 13 peresenti ya ndalama za mafuta izibwerera ku zigawo kumene akuchokera. Ndalamazo zimapitadi, koma zimafikira m'manja mwa bwanamkubwa. James Ibori, amene analamulira chigawo cha Delta kuyambira 1999 mpaka 2007, anagamulidwa ndi khoti la ku London mu 2012 kuti akhale kundende zaka 13 chifukwa cha ndalama zimene anaba n'kukazibisa kunja. Kusiyana kumene kunali pakati pa likulu ndi chigawo kunangosamukira pakati pa nyumba ya bwanamkubwa ndi mudzi. Amene munatsatirapo mmene ndalama za CDF zimayendera m'madera ena simudabwa. Ku Chad anachita kulemba lamulo lokongola asanayambe kupopa mu 2003: 10 peresenti isungidwire mibadwo yam'tsogolo, 5 peresenti ipite ku dera la Doba kumene kuli zitsime, gawo lalikulu ku sukulu, zipatala ndi misewu. Banki Yaikulu Padziko Lonse inathandiza nawo paipi ya makilomita 1,070 yopita ku doko la Kribi ku Cameroon podalira lamulolo. Ndalama zitayamba kulowa, Pulezidenti Idriss Déby analisintha, thumba la mibadwo lija n'kuthetsedwa, zambiri n'kulowera ku zida za nkhondo. Mu 2008 bankiyo inasamba m'manja.

Pali njira ina yobisika imene ingakhudze ife a tiyi ndi nandolo ngakhale mafutawo atapezeka ku Karonga. Madola a mafuta akachuluka, ndalama ya dziko imalimba, katundu wakunja amatchipa, ndipo zokolola zathu zimadula kwa ogula akunja. Azungu amati ndi matenda a ku Holland, dzina limene linabwera mu 1977 poona mmene gasi wa ku Groningen anafooketsera mafakitale a dzikolo. Nigeria kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 inali patsogolo pa malonda a mtedza ndi mafuta a kanjedza. Ku Kano ankaunjika matumba a mtedza kutalika ngati timapiri. Mafuta a pansi atakwera mtengo m'zaka za m'ma 1970 zonsezo zinazilala, ndipo lero dzikolo limagula kunja mafuta a kanjedza. Kwa ife amene tikusowa ndalama zakunja, madola oyambawo angatipumitse ndithu, mizere ya pamalo omwetsera mafuta ingachepe. Koma akapitirira, woyamba kumva ululu ndi mlimi ndi wothyola tiyi, ndipo ntchito zimene zimafa ndi zomwe zimalemba amayi ambiri. Michael Ross wa ku yunivesite ya California anaonetsa mu 2008 kuti m'mayiko odalira mafuta amayi olembedwa ntchito amachepa pa chifukwa chomwechi. Mtengo wa mafuta nawo sukhazikika. Mgolo wa malita 159 unali pamwamba pa madola 100 pakati pa 2014, pofika Januwale 2016 unali pansi pa 30. Ukagwa chonchi boma limayamba kudula mankhwala a m'zipatala ndi kulemba aphunzitsi, osati maulendo a nduna.

Ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi, chifukwa mwana wochenjera m'kalasimo adzakufunsani za ziwerengero. Pali muyeso wotchedwa Gini: 0 ndiye kuti onse ali ndi zofanana, 100 ndiye kuti munthu mmodzi watenga zonse. Angola ndi Mozambique ali cha m'ma 50, Norway ili pansi pa 30. Koma Nigeria ili cha m'ma 35, kutsikirako pang'ono poyerekeza ndi Malawi amene ali cha m'ma 38, ndipo South Africa, yopanda mafuta oti n'kunena, ili pamwamba pa 60. Wongoyang'ana manambalawa anganene kuti mafuta alibe mlandu. Ine sindiwakhulupirira kwambiri pa nkhani iyi. Amachokera ku kafukufuku wa khomo ndi khomo, ndipo wofunsa mafunso amakhala pakhonde la mayi wa kumudzi maola awiri, pamene kwa bwana mlonda amam'bweza pageti. Chuma chimene chili ku London, Lisbon kapena Dubai sichilowa m'fomu. Komanso nambala imodzi ya dziko lonse imasakaniza Maputo ndi Palma m'mphika umodzi, pamene funso la ana anu likunena za dera.

Kodi alipo amene zinawayendera? Norway ndi amene aliyense amatchula. Anapeza mafuta ku Ekofisk mu 1969, amadula msonkho wa 78 peresenti pa phindu la makampani a mafuta, ndipo ndalamazo amaziika m'thumba lapadera limene linakhazikitsidwa mu 1990 n'kuyamba kulandira mu 1996. Boma limatapako pafupifupi 3 peresenti ya thumbalo pa chaka, ndiye kuti limadya zipatso osadula mtengo. Koma tisanamizane. Norway inali kale ndi makhoti odalirika, mabungwe a ogwira ntchito amphamvu ndi anthu ophunzira mafuta asanabwere. Mafutawo anapeza nyumba yosesa kale. Chitsanzo chimene ndimachiona choyandikira kwa ife ndi cha Alaska, ku America, kumene kuyambira 1982 munthu aliyense wokhala m'chigawocho, khanda ndi nkhalamba yomwe, amalandira gawo lofanana chaka ndi chaka kuchokera ku phindu la thumba la mafuta. Chaka choyamba anali madola 1,000 pa munthu. Ndalama yofanana kwa onse imakweza wosauka kwambiri kuposa wolemera, ndipo ikalowa m'thumba mwa munthu wandale sangaichotse mwakachetechete. Ife tili nayo kale njira yofikitsira ndalama kumudzi, ya Mtukula Pakhomo. Kutchipitsa petulo ndiye ayi. Nigeria inachita zimenezo kwa zaka zambiri mpaka 2023, ndipo wopindula kwambiri anali wa magalimoto atatu ndi wozembetsa mafuta kunja, osati woyenda pansi.

Za kwathu kuno. Mafuta oti n'kugulitsa sanapezeke m'Malawi. Boma linagawa madera 6 ofufuzamo, kampani ya Surestream Petroleum inapatsidwa chilolezo cha mbali ya kumpoto kwa nyanja mu 2011, ndipo zimenezo zinadzutsa mkangano wakale wa malire a nyanja ndi Tanzania. Lamulo limene zilolezozo zinaperekedwera ndi la 1983. Chimene chili pafupi ndi inu ndi miyala: bauxite (miyala yopangira aluminiyamu) wa ku Lichenya paphiri la Mulanje amene anadziwika kuyambira m'zaka za m'ma 1920, miyala yosowa ya ku Chambe paphiri lomweli, ndi ya ku Songwe m'boma la Phalombe. Migodi yamakono imafanana ndi mafuta, makina ambiri, anthu ochepa, ndalama ku Lilongwe. Ku Karonga anaziona ndi uranium wa Kayelekera, amene anayamba mu 2009 n'kuima mu 2014 mtengo utagwa, antchito ambiri n'kubwerera kumudzi. Ndipo kuno chimene chili pachiswe ndi madzi. Ruo, Likhubula, Lichenya, Thuchila, yonseyi imatsika m'phirimo, ndipo tiyi, nanazi, madimba ndi mipopi ya m'midzi zimadalira iyo. Madzi a Likhubula atayamba kukokedwa ndi mapaipi kupita ku Blantyre munamva nokha funso limene anthu a kuno ankafunsa, loti ife tipezapo chiyani. Ndi funso lomwe lija la ku Ogoni ndi ku Palma. Mu 2025 UNESCO inaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, ndipo zimenezo zikupatsa anthu a kuno poimira pokambirana ndi aliyense wofuna kukumba.

Lamulo la migodi la 2019 linabweretsa pangano la chitukuko pakati pa kampani yaikulu ndi anthu ozungulira mgodi, pa mlingo wosachepera 0.45 peresenti ya zogulitsa za pa chaka. Ndiye kuti pa K1,000 iliyonse, K4.50. N'zochepa, koma pa mgodi waukulu si ndalama yamasewera, ndipo funso n'lakuti asayine ndani, isungidwe kuti, awerengere ndani. Malawi analowa mu 2015 m'gulu la mayiko olonjeza kuulula zimene makampani a migodi amalipira ndi zimene boma limalandira, la EITI, choncho kufunsa kuti pangano likuti chiyani si mwano. Nthawi yofunsa ndi pamene makina asanafike. Akafika, aliyense amakhala ali kale ndi mbali yake, wina walonjezedwa ulonda, wina wagulitsa mchenga.

Ndipo pali kanthu kena ka kuno kokha kamene a ku Lilongwe amakaiwala. Ku Mulanje ndi ku Thyolo munda ndi wa mbumba, umayenda kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, bambo ndi mkamwini. Fomu ya chipukuta misozi ikabwera itafunsa dzina la mutu wa banja, kalaliki n'kulemba la mkamwini, munda wa agogo aakazi wasanduka ndalama m'foni mwa munthu amene mawa atha kukwera minibasi ya ku Limbe osabwerera. Kusiyana kwa chuma kotereku sikuoneka pa Gini, kumachitikira m'nyumba imodzi.

Anawo muwapatse ntchito iyi m'malo mwa notsi. Loweruka likubwerali, amene amawoloka pa Muloza akapeze wamalonda wachikulire ku Milange, amufunse kuti thumba la simenti kapena botolo la mafuta ophikira ankagula ma metical angati mu 2015, ndipo linafika pa angati chaka cha 2016 chikutha. Akamufunsenso ngati anamuonapo gasi wa ku Cabo Delgado. Lolemba mudzayambire pa mayankho amenewo.